Tsiku Limene Tiyanjane Adatchula Dzina

MUTU 4

1. Nyimbo za pamtondo

Kwa Mtsindo, mudzi wa kumadzulo kwa Nsaru, chigayo chidafika kale koma mitondo sadaitaye. Kukakhala ukwati, amayi ankasonkhanabe kuseri kwa nyumba ya mayi Nelia kudzasinja chimera cha thobwa. Munsi ukangogunda, nyimbo inkayamba.

Nyimbo zake sizidali zoloweza ngati za m'buku la kutchalitchi. Mmodzi ankayamba ndi mawu amene am'bwerera pomwepo, enawo n'kumavomera. Mwamuna waulesi ankaimbidwa pamenepo. Mpongozi wovuta ankaimbidwa pamenepo. Amene wamva kuti mawuwo alasa iye ankangodikira mpata wake, n'kubweza mwa nyimbo yomweyo. Minsi ikagonekedwa pansi onse ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mwa atsikana onse a m'mudzimo padalibe wofanana ndi Tiyanjane pa luso limeneli. Adali mu Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Nsaru. Masamu ankamuzunguza mutu, Chingerezi ankachita kuchikoka ngati ng'ombe yokana goli, koma pa nyimbo mawu ankangotuluka okha. Tsoka lake lidali lakuti ankadziwa kuti ndi katswiri, ndipo ankafuna kuti ndi mbuzi zomwe zidziwe.

Lusolo sadabadwe nalo ayi, ngakhale mwini wake ankatero. Adaliphunzira kwa mlamu wake Edina, mkazi wa mchimwene wake Filipo. Edina adali mtengwa wochokera ku Nambuma, ndipo kwa Mtsindo adalibe mbale ndi mmodzi yemwe. Adafika pakhomopo mayi a Tiyanjane atangomwalira kumene. Ndiye ankamusambitsa mwanayo, kumuluka tsitsi ndi kumusokera yunifolomu ikang'ambika. Ndiyenso adamugwiritsa munsi koyamba.

"Usaganize kwambiri, mlamu," adamuuza tsiku limenelo. "Mvera munsi, mvera anzako, mawu abwera okha."

M'nyumba ya Edina munkasowa chinthu chimodzi chokha, ndicho mwana. Zaka zidapitapo zambiri, ndipo amayi a pamtondo sakadalephera kuimbako. Tsiku lina mayi wina adayamba chonchi:

Kuli nyumba ina kuno,
mbereko idakali m'sutikesi.

Onse adavomera, maso ali pa mtondo. Edina sadasiye kusinja. Mpata wake utafika adabweza:

Mbereko yanga ili m'sutikesi,
bwerani nalo lilime lanu tiliikenso momwemo.

Amayi adaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo amene adayambitsa uja ndiye adali woyamba kum'patsa Edina dzanja. Umu ndi mmene zinkakhalira kwa Mtsindo.

Koma mumtima Edina sankaseka. Filipo adakanitsitsa zopita kuchipatala, ati anthu anganene kuti vuto lili ndi iye. Choncho Edina adayamba kupita yekha kuchipatala ku Kabudula, masiku amene mwamuna wake ankatandala kuchigafa ndi fodya wake. Mtunda wake ndi wautali, ndiye ankakwera kabaza wa Eliya, wa m'mudzi woyandikana nawo. Ena adawaonapo panjira n'kuyamba kunong'onezana. Kumene Edina ankapita kwenikweni adauza munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo adali Tiyanjane.

2. Mlendo wa kuyunivesite

Kusukulu kwa Tiyanjane kudali mphunzitsi wina, bambo Elifasi Chikoti, amene ankayang'anira kalabu ya nyimbo. Kwa iwo nyimbo yeniyeni idali yolembedwa pabolodi, ana n'kumaibwereza mpaka kuuma kukhosi. Za pamtondo ankazitcha phokoso la anthu osapita kusukulu. Akamva mwana akuziimba pakhonde ankatsonya, n'kumutuma kukatchetcha udzu.

Ndiye kudabwera mlendo, mayi Bernadette, mphunzitsi wa kuyunivesite ina. Mayiwa ankayenda m'midzi kufufuza mmene anthu amapekera nyimbo uku akuimba. Adauza ana asukuluwo kuti imeneyi ndi nzeru yaikulu, imene anthu ophunzira m'mayiko ambiri amailemba m'mabuku ndi kuiphunzitsa m'makalasi. Adati woimba wotere amamvera anzake, amaganiza, amasankha mawu, zonsezo nthawi imodzi, ndipo palibe amene angaphunzire lusoli ali yekha m'nyumba.

Mukadaona mmene bambo Chikoti adatembenukira. Munthu yemwe uja wotuma ana kukatchetcha adaimirira, adakonza tayi, n'kunena kuti iwo akhala akulimbikitsa nyimbo za makolo kuyambira ali kukoleji. Ana adangoyang'anizana. Palibe adatsutsa, poti udzu udalipobe wambiri.

Mayi Bernadette adafika mpaka kwa Mtsindo. Sadangotulutsa makina awo ojambulira mawu ayi. Adayamba akhala pamphasa, kudziwitsa amene ali, ndi kupempha kwa mayi Nelia, amene adali wamkulu wa pamtondopo komanso azakhali ake a Tiyanjane. Mayi Nelia adafunsa kumene mawuwo adzapite. Mlendoyo adalonjeza kuti akajambula adzawamvetsera onse, ndipo chimene iwo sakuchifuna adzachifufuta ali pomwepo.

Tsiku limenelo Tiyanjane adaimba ngati sadzaimbanso. Adalasana ndi Edina mwachilamu, wina akaponya wina n'kuwakha, mpaka mlendo adaiwala kulemba. Pomaliza mayi Bernadette adati mwanayu ali ndi mphatso. Edina adasangalala ngati woyamikiridwayo ndi iye.

Bambo Chikoti atamva, sadafune kuti mphatsoyo iwadutse. Adalengeza kuti pa tsiku la chikhalidwe kusukulu, Tiyanjane adzaimba pa chimkuzamawu. Anthu azidzatchula mutu uliwonse, iye n'kumapeka pomwepo, atsikana a kalabu akuvomera.

Kuyambira pamenepo Tiyanjane adatukumuka ngati finye. Kumjigo adasiya kupita, ati chidebe chimawononga tsitsi. Adayamba kuyenda monyang'wa, akuuza anzake kuti posachedwa azimumvera pa wailesi. Amayi a pamtondo, omwewo amene ankamuvomera nyimbo zake kuyambira ali wa mamina, adayamba kuwatcha oimbira nkhuku. Mawu otere sachedwa kufika kwa eni ake, ndipo adafikadi.

3. Chenjezo la azakhali

Tsiku la chikhalidwe litayandikira, mayi Nelia adamuitana Tiyanjane. Adali pakhonde akusenda mtedza.

"Khala pansi apa," adatero. "Ndamva kuti ukukaimba kusukulu pa chimkuzamawu. Sindikukuletsa ayi. Koma pali zimene sudafunse, poti masiku ano sufunsa munthu, ndiye ndikuuza usadafunse.

"Kodi chikulire chako udamvapo dzina la munthu pamtondo panga? Timaimba za nyumba ina, za bambo wina, za mayi wina wa kutsidya. Mwini wake amadzidziwa, ifenso timamudziwa, koma dzina silituluka. Munthu wosatchulidwa dzina amatha kuseka nawo. Amapita kwawo n'kukakonza cholakwa chake popanda womuloza chala. Ukamutchula wamuvula pagulu, ndipo munthu wovulidwa sakonza kanthu. Amangofuna kothawira.

"Chinanso, sitiimba munthu amene palibe, kapena amene alibe munsi m'manja. Ukamulasa mnzako, umusiyire mpata abweze. Kodi umayesa timavomera pakati paja chifukwa chosowa chochita? Timavomera kuti wolasidwayo apume, aganize, apeze mawu ake. Alamu ako aja taona tikuwaimba zowawa, koma sadagonepo ndi mkwiyo, chifukwa tsiku lililonse amachoka pamtondo atayankha.

"Ndipo bodza sitiimba. Kukometsa timakometsa, mchere timawonjezera, koma chimene sichidachitike sitichiika m'kamwa mwa gulu. Anthu akangovomera bodza lako, lasanduka lawo. Sungadzayende khomo ndi khomo kukalitola.

"Iwe ukuyesa luso ndi kufulumira kwa lilime. Lilime lofulumira chili nalo ngakhale chidakwa cha pamsika. Mawu akabwera m'mutu, ena umatulutsa, ena umameza. Kutulutsako udadziwa uli mwana. Kumezako ndiko kumatenga zaka, ndipo sindidaone kuti wayamba. Kumene ukupitako kuli anthu osatidziwa. Adzaseka, adzakuombera m'manja, adzabwerera kwawo kukadya. Iwe udzabwerera kuno."

Nthawi yonseyo Tiyanjane adali akuyang'ana zikhadabo zake. Azakhali atatsiriza, adaimirira n'kusasa siketi.

"Ndamva, azakhali," adatero. "Komatu kumeneko kukakhala anthu ophunzira. Si za pamtondo izi."

Mayi Nelia adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka adabwerera ku mtedza wawo.

4. Pabwalo la sukulu

Tsikulo lidali Loweruka, ndipo pabwalo la sukulu padadzaza. Padali makolo, ana a m'masukulu oyandikana, ndi ogulitsa mandasi ndi nzimbe. Mayi Bernadette adakhala patebulo kutsogolo ndi makina awo. Bambo Chikoti adavala suti pa dzuwa loswa mtengo, ndipo adalankhula nthawi yaitali za chikondi chawo pa nyimbo za makolo, theka la mawuwo m'Chingerezi.

Kenaka Tiyanjane adapatsidwa chimkuzamawu. Kumbuyo kwake kudaima atsikana a kalabu, akuomba m'manja m'malo mwa minsi.

Bambo wina wachikulire adatchula mutu woyamba, wa mvula yochedwa. Tiyanjane sadachedwe n'komwe:

Mvula yapita kukacheza kwa apongozi,
yaiwala kuti kuno idasiya ana.

Atsikana adavomera. Achikulire adagwedeza mitu, mayi Bernadette adamwetulira. Wina adatchula za mayeso, wina za mbuzi zolowa m'dimba, ndipo zonsezo adaziimba bwino lomwe. Akadalekera pomwepo, bwenzi mutu uno ukuthera pabwino.

Koma anyamata a Fomu 4 adayamba kuyasamula ndi kulowera kwa ogulitsa mandasi. Tiyanjane adawaona, ndipo zidamuwawa. Kuti anthu okalamba akugwedeza mitu adalibe nazo ntchito, iye ankafuna phokoso. Bambo Chikoti nawo adaona kuti mwambo wawo ukuzirala. Adasendera pafupi n'kumunong'oneza kuti aikemo tsabola, anthu akugona.

Tsabola amene Tiyanjane adam'peza sadali wake n'komwe. Adatola nyimbo ya pamtondo ija:

Kuli nyumba ina kwathu,
mbereko idakali m'sutikesi.

Anthu adaseka. Anyamata aja adabwerera, mandasi ali kukamwa. Mmodzi adakuwa kuti atchule nyumba yake, ndipo ena adamuthandiza: "Tchula dzina! Tchula!" Mafoni adakwezedwa m'mwamba.

Kumbuyo kwa khamulo, pansi pa mtengo wa kesha, padaima Edina. Adavala chitenje chake chopita nacho kutchalitchi, ndipo m'manja adali ndi chigubu cha thobwa chimene adam'tengera mlamu wake kuti akanyowetse kukhosi akatha kuimba. Adali akumwetulirabe, poti nyimbo imeneyi ankaidziwa ndipo yankho lake adali nalo.

Tiyanjane adamuona. Asanene munthu kuti nthawi yoganiza padalibe. Atsikana adali akuvomera, ndipo mpata umene azakhali ake adanena uja udalipo wonse. Akadatha kumeza mawuwo. Iye adayang'ana mafoni aja, n'kukweza mawu:

Mbereko ya a Edina, akazi a Filipo,
idakali m'sutikesi.

Bwalo lonse lidaphulika. Anthu amene sadamuonepo Edina chibadwire adaseka ngati adawalakwira. Kenaka mawu ena, a munthu wa kufupi ndi kwa Mtsindo, adamveka pamwamba pa onse: "Nanga za kabaza?"

Kumene kabazayo ankapita Tiyanjane ankakudziwa bwino lomwe. Ankadziwa za mzere wa kuchipatala, za mankhwala obisa m'thumba la ufa, za misozi imene mlamu wake ankapukuta asadalowe m'mudzi. Koma chipatala sichiseketsa anthu. Ndiye adaimba:

A Filipo ali kuchigafa,
Eliya akupalasa, alamu agwira m'chiuno.
Akupita kuti? Funsani tchire la ku Kabudula.

Atsikana adavomera, poti ntchito yawo idali kuvomera. Anyamata adaimba mluzu. Ena adalowa m'bwalo n'kumavina ngati akupalasa njinga.

Amene adaima pafupi ndi mtengo wa kesha adaona milomo ya Edina ikugwedezeka. Adayesa kuyankha monga adazolowera. Koma mawu a pakamwa pokha angapikisane bwanji ndi chimkuzamawu? Ngakhale woyandikana naye sadamve chimene adaimba. Edina adaika chigubu chija pansi bwinobwino, n'kutembenuka kumapita.

Mwambo utatha, Tiyanjane adapita kutebulo monyang'wa kukafunsa ngati mlendo wajambula zonse. Mayi Bernadette adali akulongedza, ndipo sadamwetulire.

"Ndidazimitsa utangotchula dzina," adatero. "Ndayenda m'midzi yambiri, ndipo ndamva amayi akuimbana zowawa kuposa izi. Koma wolasa mnzake amene alibe poyankhira ndamuona lero. Chimene ndidadzera kuno ndi luso la anthu omverana. Zako zomalizazi aliyense angathe, bola akhale wopanda manyazi."

Bambo Chikoti atamva zimenezi adatembenukanso. Adati iwo akhala akuwachenjeza ana amenewa za mwano kuyambira kalekale. Tiyanjane adakauza anzake kuti mayi a kuyunivesitewo ndi nsanje chabe, poti iwo kuimba satha.

5. Nyimbo ilowa mumsika

Makina a mayi Bernadette adazima, koma mafoni sadazime. Pofika tsiku la msika ku Nsaru, nyimboyo idali itafika kwa anyamata obena nyimbo, oikira anthu nyimbo m'mafoni, ndipo inkalira pa sipika mobwerezabwereza. Mbali ya mvula ija palibe adaisunga. Adasunga ya kabaza.

Filipo adapita kumsikako kukagula ziguduli zomangira fodya. Sadadziwe kanthu, poti Edina adafika kunyumba Loweruka lija n'kuphika ngati palibe chachitika, ndipo Tiyanjane ankangomuzemba. Filipo adadabwa kuona anyamata a kabaza akuliza mabelu iye akamadutsa. Pa bawo, bambo wina adamufunsa mwaulemu wonse ngati fodya akuuma bwino kuchigafa, ndipo onse adagwa nako kuseka. Kenaka adamva dzina lake pa sipika, likutuluka ndi mawu a mlongo wake.

Adabwerera kumudzi wopanda ziguduli. Adaitana mkazi wake ndi mlongo wake pakhonde, dzuwa likadali pamutu.

Edina adagwada n'kunena zonse. Adavomera kuti kabaza ankakweradi, ndipo adapepesa kuti ankapita kuchipatala mwamuna wake atakana. Adati za tchire ndi bodza, ndipo mboni yake ndi mlamu wakeyo, amene ankadziwa ulendo uliwonse.

Filipo adatembenukira kwa Tiyanjane. "Zimene udaimbazo, n'zoona kapena ayi?"

Edina adamuyang'ana mlamu wake. Sadali ndi mkwiyo m'maso, ankangodikira.

"Inetu ndimangoimba, achimwene," adatero Tiyanjane, maso ali pansi. "Koma kabazayo amakweradi."

Mtsikana amene mawu ankam'tulukira okha pamaso pa khamu adasowa liwu limodzi lokha lakuti ndidanama. Adaopa kofi la mchimwene wake. Adaopanso kuti mawa kusukulu anzake adzati katswiri uja wabweza mawu ake.

Naye Filipo tisamuchotsere mbali yake. Adakhala ndi mkaziyu zaka zonsezi osam'peza ndi chifukwa, koma kuseka kwa amuna a pa bawo kudamulemera kuposa zonsezo. Adalamula kuti Edina apite kwawo ku Nambuma mpaka ankhoswe adzakhale pansi. Mayi Nelia adayesa kumuletsa, koma iye adati munthu woimbidwa pa sipika sangamvere za amayi a pamtondo.

Lachitatu m'mawa Edina adasesa pabwalo, adatunga madzi, adatsuka mbale zonse. Kenaka adasenza sutikesi yake. Amayi amene adaima m'makomo adayang'ana kumbali, poti aliyense ankadziwa chimene chidali m'sutikesimo.

Pa mpanda adakumana ndi Tiyanjane, atavala yunifolomu imene Edina yemweyo adaisoka pa phewa.

"Kuyamba nyimbo ndidakuphunzitsa, mlamu," adatero Edina motsitsa mawu. "Zosiyira mnzako mpata sindidakuuze. Ndinkayesa udaona wekha mmene ndinkakusiyira."

Adalowa mumsewu wafumbi akuyenda wapansi. Anyamata a kabaza adali pa mphambano, koma iye adawadutsa osacheuka.

6. Mtondo wopanda wovomera

Loweruka lotsatira kudali kusinja chimera cha ukwati wa Flora, mwana wa mkulu wa mpingo. Tiyanjane adapitako. Wailesi ija idali isadamuitanebe, ndipo kusukulu anzake adali atayamba kale kuseka zina. Adafuna malo amene anthu amamudziwa kuti ndi katswiri.

Amayi adamuyankha moni, adam'patsa munsi, adam'sendera kuti aime. Pamene ankaima Edina padali poyera, palibe adaimapo.

Minsi idayamba kugunda. Tiyanjane adamvera kagundidwe kake, ndipo mawu adam'bwerera monga mwa masiku onse. Adayamba nyimbo yabwino ndithu, ya mkwatibwi amene akusiya amayi ake ndi mbale zosatsuka. Adafika pamene anzake amalandirira, n'kudikira.

Palibe adavomera. Idangomveka minsi yokha.

Adayesa kuti mwina sadamve. Adabwerezanso mokweza. Amayi adapitiriza kusinja, wina akupeta, wina akukonza mwana kumsana, nkhope zili gwa. Ngakhale atsikana anzake, amene dzana lomweli ankamutsatira ngati anapiye, adatseka pakamwa. Mawu ake adatsala okha m'mwamba, ndipo adamveka aang'ono ndi opusa.

Kwa Mtsindo chilango cha woimba ndi chimenechi. Samukalipira, samuthamangitsa, amangomusiya aimbe yekha. Achikulire okha ndiwo ankakumbukira pamene zidachitikapo.

"Sinja, mwana iwe," adatero mayi Nelia osamuyang'ana. "Ife ndife oimbira nkhuku, eti? Nkhukuzo ndi izo, kaziimbire, mwina zikuvomera. Kapena pita ku Nsaru, anthu ophunzira aja akakulandire. Ife pakamwa pathu tidavomera nyimbo zako kuyambira munsi ukukulemera. Tinkayesa tikulera mwana, osadziwa kuti tikunola mpeni. Mnzathu uja tidamuimba zaka zonsezi ndipo adakhala. Iwe wamuimba masana amodzi, wapita."

Pamenepo ndi pamene manyazi adam'gwira Tiyanjane koyamba, manyazi enieni otentha m'makutu. Adafuna kuponya munsi n'kuthawa.

Akali choncho, pabwalo padaima njinga. Adatsika bambo wamtali wa fumbi mpaka m'mawondo. Adaodira, adapatsidwa mpando, ndipo atalonjerana adavula chipewa.

"Ine ndine Aubrey, mlongo wake wa Edina. Ndachokera ku Nambuma," adatero. "Nyimbo yanu yatipeza kwathu, ana akuimba pachitsime. Amayi athu sakudya. Ndiye andituma kuti ndidzamve kwa mwini wake. Mungandiitanireko Edina?"

Minsi idaima umodziumodzi.

"Kodi sadafike?" adafunsa mayi Nelia. "Adanyamukatu pano Lachitatu m'mawa."

"Kwathu sadafike."

Amayi onse adatembenukira kwa Tiyanjane. Mayi Nelia adagoneka munsi wawo pansi, n'kumuloza mlendoyo ndi chibwano.

"Woimba wake ndi ameneyu, bambo. Ndiye ankadziwa njira zonse za alamu ake." Kenaka adamuyang'ana mwana wa mchimwene wawoyo m'maso. "Ife takusiyira mpata. Yankha."

Tiyanjane adatsegula pakamwa. Chiyambire kugwira munsi, aka kadali koyamba kuti mawu asabwere.